Afilisti a Kumadzulo kwa Munda Wathu

Joni, 11 Juni 2023

Okondedwa amake Chikondwero,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mukudzuka bwanji inu ndi Chikondwero, nanga mlendo mwanyamulayo akukusautsani? Ine kuno ndikudzuka ndithu, kungoti kuzizira kwake n'kwachilendo. Kwathu ku Chiringa timadandaula ndi chiperoni, koma kuno madzi amachita kuuma m'ndowa, ndipo munthu wamkulu ngati ine ndimagona nsapato zili kuphazi.

Kalatayi ndapatsira a Brown, a transipoti amene amatsitsa katundu pa Migowi mwezi uliwonse. Yankho muzipatsira iwo omwewo. Ndikudziwa mufunsa kuti bwanji osangoimba pa foni ya akulu anu a Zelifa, poti yanu inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy. Ayi, Belita. Sindingakambe za m'nyumba mwanga pa foni ya munthu amene akutidyera munda, mwiniwake ataima pambali khutu lili tcheru. Foni yanu ndigula ndikangokhazikika.

Ntchito ndapeza ya m'gadeni kwa mzungu wina, masiku atatu pa sabata. Masiku enawo ndimaima pamphambano ndi anzanga kudikira aliyense wofuna waganyu. Tangoganizani, mlimi wa nandolo ngati ine ndikuthirira maluwa osadyedwa ndi kumeta kapinga. Galu wa panyumbapo amadya bwino kuposa ine, komabe tikugwirizana.

Tsopano za munda wa kumtsinje. Mayi anu asanamwalire anaugawa pakati, kummawa kwanu, kumadzulo kwa a Zelifa, ndipo nthochi za m'malire ndinabzala ndine ndi manja angawa. Madzi aja anazula nthochizo n'kukwirira gawo la a Zelifa ndi mchenga ndi miyala. N'zachisoni, makamaka poti amuna awo anapita ndi madzi omwewo, ndipo manda awo ndinakumba nawo. Koma chisoni sichisuntha malire. Ndisananyamuke ndinaona ndi maso anga atalowa mbali yathu mizere yoposa khumi, panthaka yakuda penipeni, n'kubzalapo mbatata. Mbatatayo akumbe, sindikukana. Koma mvula ikubwerayi mizereyo ibwerere kwathu, chifukwa nafenso pakamwa pakuwonjezeka.

Za m'emvulopuzi mugulire chimanga chisanakwere mtengo, zotsala sopo ndi mchere. Musakongoze munthu ngakhale alire bwanji. Nkhuku yakuda ija musaphe, imaikira bwino.

Ndine mwamuna wanu,
Eneya


Joni, 16 Julayi 2023

Amake Chikondwero,

Kalata yanu ndalandira, ndipo mtima wakhala pansi pomva kuti nseru ija yaleka. Ine chifuwa chinandigwira sabata yatha koma chikupita chokha. Kanyumba ka malata kamene ndikukhalamo, kuno amati mkuku, kamalowa mphepo mbali zonse.

Mwalemba kuti mkamwini asamakule mwendo. Ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola. Zoona, munda ndi wa mbumba yanu, ine ndinangofika pamudzipo ndi khasu ndi bulangete. Koma amene adzadye za m'mundamo ndi ana a yani? Mwendo wanga si waukulu ayi, ndi mizere ija yachepa.

Imvani zimene zachitika. Lamulungu ndimapemphera ndi Amalawi anzathu m'galaja ina, kwa a Pasitala Goodman, munthu wa ku Thyolo. Sabata yatha anatsegula Yesaya mutu 11. Kawerengeni nokha ndime 14 m'Baibulo langa lakale lija lili m'sutikesi. Mneneri akunena kuti tsiku likubwera pamene ana a Israeli adzatera pa mapewa a Afilisti kumadzulo, adzafunkha anthu a kummawa, adzagwira Edomu ndi Mowabu, ndipo ana a Amoni adzawagonjera. A Pasitala anati Israeli wa lero ndife okhulupirira, ndipo lonjezolo ndi lathu. Kenaka anatifunsa kuti mitundu imeneyi inkakhala kuti. Iwo anati: "Palibe ngakhale umodzi unachokera kutsidya kwa nyanja. Onsewa anali a pamalire. Mfilisti wako sakhala kutali, m'bale."

Belita, pomwepo ndinakumbukira munda wathu. Afilisti kumadzulo. Nanga gawo la a Zelifa lili mbali iti? Munthu wa ku Thyolo uja munda wathu sanauonepo. Ndinapita kutsogolo, anandisanjika manja, n'kundiuza kuti ndisale kudya masiku atatu. Kusalako sikunandivute, kuno n'kozolowereka.

Tsono pitani kwa malume anu a Jonathan. Iwo ndiwo mwinimbumba, ndipo tsiku logawa munda analipo. Mukawauze kuti mukufuna malire abwerere pamene panali nthochi. Mukanene ngati maganizo anu, dzina langa musalitchule, angayambenso za mwendo.

Mwatinso a Zelifa ndiwo adzakudikirireni kuchipatala nthawi yanu ikakwana, monga anachitira pa Chikondwero, poti mayi kulibe ndipo wamkazi wina m'mbumba mwanu palibe. Ndamva. Koma Disembala ili kutali, ndipo Mulungu wopatsa munda sangalephere kupereka gadiyani.

Juzi yofiirayo ndi ya Chikondwero. Ikakula mupinde manja, chaka chamawa imukwana.

Wanu,
Eneya


Joni, 3 Seputembala 2023

Amake Chikondwero,

Pepani kuti mwezi watha a Brown anafika opanda changa. Ndinagona kwina masiku angapo, kumalo kumene munthu sapita mwa kufuna kwake, koma ndinatuluka. Chidindo cha m'pasipoti chinatha kalekale, basi mukumva. Pano ndili bwino. Inu msana uja ukuti bwanji?

Ndawerenga zimene mwalemba, kuti m'malo mopita kwa malume munapita kwa abusa athu a ku Chiringa ndi Baibulo m'manja. Akuti Edomu ndi Esau, amene anagona m'mimba imodzi ndi Yakobo, ndipo Mowabu ndi Amoni ndi ana a Loti, wa m'banja la Abrahamu. Akutinso mutuwo umayamba ndi mphukira yotuluka pa chitsa cha Jese, amene ndi Ambuye Yesu, ndipo Iye sagonjetsa adani ndi nthungo koma powalowetsa m'nyumba, n'chifukwa chake m'mutu womwewo mmbulu ukugona pamodzi ndi mwanawankhosa. Mwalemba bwino, ngati munthu wa ku Zomba kusukulu ya ubusa.

Abusa athuwo ndimawalemekeza. Pamaliro ndi paukwati palibe wowaposa. Koma nkhondo sayidziwa, chifukwa munda wawo palibe anaulowapo. Ndipo taonani, akundithandiza osadziwa. Ngati Edomu anali m'bale wa Israeli, ndiye kuti Baibulo likuvomereza kuti m'bale angathe kukhala mdani. Za mmbulu ndi nkhosazo zidzachitika kumwamba. Pansi pano nkhosa ikagona pafupi ndi mmbulu, m'mawa timatola ubweya.

Mukuti chibale ndi fupa, sichiola. Inenso sindinati chiole. Ndangoti fupalo likhale kumadzulo kwa nthochi.

Poti inu mukuchita manyazi, ndalembera ndekha malume a Jonathan. Komanso mukapita pa Migowi mukapeza njinga yakapalasa yobiriwira, ndagula kwa Mzimbabwe wina amene akubwerera kwawo. Si yanu. Mukaipereke kwa malume, munene kuti mkamwini wawo wawakumbuka. Musayambe kunena kuti ndi chiphuphu. Akulu aja miyendo yatha, ndipo munthu woti akaone malire bwinobwino ayenera kufika kumunda asanatope.

Ndalama za njingayo ndi zimene ndinkasungira foni yanu. Zonse ziwiri sizikanatheka. Mupirire, makalatawa akufika bwino, ndipo foni ibwera ikangotha nkhaniyi.

Nandolo musagulitse pano, mavenda akuba. Dikirani Okutobala. Denga la kukhitchini mupeze munthu afolere mvula isanayambe, inu musakwerepo.

Ndatopa, mawa ndilawirira pamphambano.

Eneya


Joni, 15 Okutobala 2023

Amake Chikondwero,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, ngakhale kalata yanu sinanene. Inali yaifupi ngati mchira wa mbuzi, ndipo moni munaiwala. Zambiri ndamva kwa a Brown, amene anazimva pamsika.

Akuti malume anafika kumunda pa njinga, anayenda uku ndi uku, n'kukhoma zikhomo pamene panali nthochi. Palibe bodza limene lachitika pamenepo, Belita. Malire ndi omwewo amene anaika mayi anu. Akuti a Zelifa anafunsa kuti nanga iwo alima pati poti gawo lawo ndi mchenga wokhawokha, ndipo malume anayankha kuti iwo anaitanidwira malire, osati mchenga. A Zelifa anangoti zikomo malume. Akuti anakumba mbatata yotsala, dengu limodzi n'kulisiya pakhonde panu, ndipo sabata yomweyo anatseka nyumba n'kupita ndi ana awo ku nyanja ya Chilwa kukawamba nsomba za anthu.

Zopita kunyanjazo sindinazifune ine. Ndinkafuna mizere yathu basi. Munthu akasankha kuchoka, ndingamugwire mwendo ndili ku Joni?

Lamulungu ndinachitira umboni m'galaja muja. Ndinati Afilisti a kumadzulo agwa popanda ine kuponya mwala. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, a Pasitala Goodman anandikumbatira n'kundikumbutsa za chopereka chothokoza. Ndinapereka. Potuluka mayi wina wa ku Mulanje anandifunsa kuti Mfilistiyo anali ndani, ndipo nditamuuza kuti ndi alamu anga amasiye, anangondiyang'ana n'kumanga mpango wake bwino. Anthu ena sakondwa mnzawo akapambana.

Ndisakubisireni, ndinkayesa kuti ndisangalala kuposa apa. Mwina ndi kutopa. Mzungu uja wandichotsera tsiku limodzi, akuti madzi adula, maluwa achepetse. Pamphambano tachuluka, galimoto ikaima timathamangira anthu makumi awiri pofunika mmodzi.

M'kalata mwanu mwangoti, "Mwapambana, abambo ake Chikondwero. Pakhomo pano pali zii." Ziiyo ndi ya masiku ochepa. Mwana akabadwa mudzafuna tulo osatipeza.

Tsopano ntchito. Mizere ija mugalauze msanga, anthu aone kuti ili ndi mwini. Muyambe m'mawa dzuwa lisanakwere, mukatopa mupume. Mapesi a nandolo musatenthe, mukwirire. Mbewu mugule ya chimanga chocha msanga, kuno akunena pa wailesi kuti mvula ya chaka chino ikhala yonyenga.

Mbatata ya pakhonde ija munadya? Ine ndikanakonda mukanapatsa nkhumba za anthu, koma poti ndi inu ndikudziwa munaphika.

Mwamuna wanu,
Eneya


Joni, 19 Novembala 2023

Amake Chikondwero,

Zoti miyendo ikutupa ndiponso mutu sukuleka zandidetsa nkhawa. Muchepetse mchere, ndipo pogona muzisanjika miyendo pa mtolo wa zovala. Ine ndilipo, tulo tokha ndi timene tikuvuta.

Mwati anamwino akuyezani n'kupeza kuti magazi akuthamanga, ndipo akuti Disembala ikangoyamba mukakhale kuchidikiro kuchipatala, mupite ndi gadiyani wokuphikirani. Anamwino amanena choncho kwa aliyense, ndi ntchito yawo kuopseza. Pa Chikondwero paja munalima mpaka sabata yomaliza, n'kubereka bwinobwino. Masiku anu ndi a kumapeto kwa Disembala, ndawerenga bwino.

Nkhani ndi iyi. Munda wopambana pa mlandu ukagona chaka osabzalidwa, anthu amati mwiniwake sankaufuna, ankangofuna kuzunza mnzake. Zikhomo zija zimazuka, Belita, koma chimanga chikamera palibe angatsutse. Israeli atapatsidwa dziko sanakhale pamthunzi, analowa n'kulima. Tsono mvula yoyamba ikangogwa mubzale mizere ya kumadzulo ija poyamba, kenaka kwinako. Mukatha, nyamukani mupite kuchidikiro mtima uli m'malo.

Ndikanakonda kukutumizirani za waganyu, koma mwezi uno zavuta. Ndamva kuti kwacha yagwa ndipo fetereza wakwera moti thumba anthu akungoliyang'ana. Zimene ndatumizazi mugule wa pa ndowa, muthire mizere yomweyo, nthaka yake ndi yabwino sifuna wambiri.

Za gadiyani mwati munapempha amayi a Mvano, ndipo onse akuti nthawi yobzala munthu sangasiye munda wake masabata atatu kukaphikira mwana wa eni. Yesaninso. Pemphani amayi a abusa, amuna awo aja amadziwa bwino za kulowetsa anthu m'nyumba. Zotuma munthu ku Chilwa ayi. Tikatero a Zelifa adzabwera ndi mtengo wake, ndipo mtengowo tikuudziwa tonse.

Kuno kulokeshoni kwayamba timapepala tomata m'zitseko. Akuti obwera tichoke isanafike Khirisimasi. Pali anthu akuyenda m'makomo kufunsa mapasipoti, koma si apolisi. Gogo mwini malo ano wandiuza kuti ndine mwana wabwino, sindichedwetsa lendi, koma zikavuta iye sandidziwa. Musade nkhawa, zimenezi akuti zimachitika chaka chilichonse. A Pasitala akuti chida chosulidwira ife sichidzapambana.

Ndagula kale matewera, shawelo yoyera ndi beseni la mwana. Ndikusunga pansi pa bedi, zibwera ndi ulendo wa a Brown wa Disembala.

Mupsompsone Chikondwero. Muuzeni kuti akakhoza mayeso nsapato zikubwera.

Eneya


Joni, 11 Disembala 2023

Belita,

Ndili moyo, ndiyambe ndi zimenezo. Dzanja lamanzere latupa koma silinathyoke. Ndikulemba nditakhala pa matumba kumene a Brown amapakira katundu, pepalali ndapempha. Inu muli bwanji? Mwabzala? Muli kuti pamene mukuwerenga kalatayi?

Anabwera dzulo masana, titangoweruka kutchalitchi. Poyamba ndinkayesa ndi anthu a mpingo wina, chifukwa ankaimba bwino, amayi kutsogolo, mawu anayi onse. Patsogolo pawo panali bambo wovala mkanjo woyera, dzanja lina chimkuzamawu, lina Baibulo. Ndinabisala kuseri kwa chimbudzi cha gogo uja, ndipo bamboyo anaima pafupi moti ndinkamva kutembenuza kwa mapepala. Chizulu sindichidziwa bwino, koma mayina sasintha. Ndinamva Afilisti, ndinamva Edomu, Mowabu, Amoni. Akatchula dzina limodzi, gulu lonse linkayankha ameni, iye n'kuloza mikuku yathu. Mutu womwe uja, Belita, ndime yomwe ija.

Amene analoza chitseko changa ndi bambo wa nyumba yoyandikana nafe, amene ndinamukonzera mpanda wake kwaulere mwezi wa Ogasiti. Sanali wolusa ayi. Nkhope yake inali ya munthu amene akuchita zolungama, ndipo ndinaizindikira nkhope imeneyo. Anatulutsa matiresi, mbaula, mabulangete, chikwama chimene munali pasipoti ndi Baibulo. Za pansi pa bedi zija anatenganso. Beseni la mwana ndinaliona likupita pamutu pa mayi wina akuimba. Nditatuluka kuti ndilanditse shawelo yokha, ndi pamene dzanjali linakumana ndi chitsulo.

Madzulo ndinakumana ndi a Pasitala Goodman pa siteshoni ya mateksi, atanyamula sipika ya tchalitchi paphewa, nsapato imodzi palibe. Ndinawafunsa kuti, "Abusa, nanga Israeli ndi uti, ife kapena iwowa?" Anandiyankha kuti, "Tithawe kaye, m'bale, za Malemba tikambirana." Akuti apita ku Durban.

Sindinagone tulo. Ndimangoona a Zelifa akutseka chitseko, ana atasenza mitolo. Ndakhala ndikunena kuti malire anali oona, ndipo anali oonadi. Nawonso a dzulo aja dziko ndi lawo, pasipoti yanga inathadi. Zoona zokhazokha, koma munthu ndagona pa simenti.

Tsono mverani, ndipo musadikire mawa. Siyani khasu. Kaya mwabzala kaya simunabzale, siyani. Tumani wa kabaza apite ku Chilwa akafunefune a Zelifa m'madoko, mudzamulipira ndi nkhuku yakuda ija. Akawauze kuti mizere atenge, awonjezerepo ina ngati akufuna, zikhomo azule aponye mumtsinje. Akawauze kuti mlamu wawo Eneya ndiye akupempha. Akafika, pitani nawo kuchidikiro tsiku lomwelo, Chikondwero mumusiye kwa amayi a abusa.

A Brown akuti anyamuka katundu akadzaza, ndipo Disembala pachipata pamakhala mzere wautali. Ndawapempha kuti kalatayi asaisiye pa Migowi, akupatseni m'manja. Nambala ya a Zelifa sindinaisunge, ndinaifufuta mwezi wa Juni.

Ndalama palibe ulendo uno. Pepani.

Eneya


Joni, 4 Febuluwale 2024

Alamu anga a Zelifa,

Ndikupereka moni kwa inu ndi ana onse amene ali m'manja mwanu, anu atatu ndi anga awiri. Sindikudziwa ngati ndili woyenera kufunsa za moyo wanu, komabe ndikufunsa. Ine ndikugona m'kanyumba kosungira zida kwa mzungu amene ndimamugwirira ntchito. Dzanja linapola.

Tsiku lija munandiimbira, mutachita kupempha nambala yanga kwa akazi a a Brown, munati, "Alamu, Belita watisiya. Mwana ali moyo, wamkazi." Ine sindinayankhe. Munadikira, mayunitsi anu akutha, mpaka foni inaduka yokha. Musaganize kuti chinali chipongwe. Pakamwa panauma, ndipo mpaka lero ndikatenga foni kuti ndikuimbireni pamaumanso. N'chifukwa chake ndalemba.

Zina ndamva kwa a Brown. Akuti mbewu yoyamba inapsa ndi dzuwa, ndipo mng'ono wanu anabwerera kukabzalanso mizere ya kumadzulo ija. Anagwa m'mundamo m'mamawa, koma anthu anamuona dzuwa litakwera, poti mbali imeneyo kunalibenso wolima pafupi. Akuti achipatala anayesetsa, mwana anamutulutsa, koma mayi sanadzuke. Akuti inu mutamva munanyamuka kunyanja tsiku lomwelo, munamusambitsa ndinu, ndipo mwana munamutenga kuchipatala ndinu. Kalata yanga ya Disembala inafika maliro ataikidwa. Ndamva kuti munaiwerenga, ndiye zimene ndinapempha mukuzidziwa. Ndinapempha mochedwa.

Anamwino anamuuza kuti apite kuchidikiro, ine ndinamuuza kuti abzale kaye. Iye ankafuna inu, ine ndinakana. Ndinalakwa, alamu. Ndinakulakwirani inu, ndipo iye ndinamulakwira koposa. Sindikunena izi kuti mundiyankhe zabwino.

Kumaliro sindinabwere chifukwa ndinalibe pasipoti ngakhale ndalama ya basi. Ndikudziwa zimene anthu ananena, ndipo sindikuwatsutsa.

Mwambo ndikuudziwa. Munda wonse tsopano uli m'manja mwanu, kummawa ndi kumadzulo komwe. Nyumba imene ndinamanga ili pa nthaka ya mbumba yanu, ndipo ana ndi a mbumba yanu. Malume a Jonathan atumiza mawu kuti tikakolola ndibwere adzandisudzule, nditenge khasu langa ndibwerere kwathu. Sindidzavuta. Ndikungopempha kuti m'nyumbamo mulowe inu ndi ana, yanu ija inang'ambika ndi madzi, musaisiye kuti igwe. Chimanga cha m'mizere ija ngati chamera mupalire, adye ana onse asanu.

Ndapatsira a Brown zitini zinayi za mkaka wa mwana. Akuti madzi ake muziwiritsa kaye. Mwezi uliwonse ndizitumiza, ngakhale ndigone ndi njala, ndipo zimenezi si zogulira chilichonse kwa inu. Nsapato zili m'pepala lakudalo ndi za Chikondwero, ndinamulonjeza. Ngati sakufuna kumva za ine musamukakamize.

Baibulo lina sindinagule. Lamulungu ndimakhala pakhomo, ndimathirira maluwa ngakhale si tsiku langa. Mukakumana ndi abusa athu a ku Chiringa muwauze kuti mawu awo aja anandipeza, iwo adziwa.

Chopempha changa ndi ichi. Akazembe akandipatsa chikalata choyendera, ndikufuna kubwera mwezi wa Epulo. Ndidzatsikira pa Chiringa ndipo ndidzakhala pa sitolo mpaka mutatuma munthu. Mukadzati ndifike, ndidzafika, ndikaone pamene anagona mkazi wanga, ndimunyamuleko mwanayo ngakhale kamodzi. Mukadzati ayi, ndidzamva, ndidzasiya katundu pa sitolopo.

China n'chaching'ono. A Brown ndinawafunsa, akuti anaiwala kufunsa, ndipo ine pa foni paja sindinathe. Mwanayo watha mwezi ndi theka tsopano, ndiye kuti munamutcha kale. Chonde, alamu, mundilembereko dzina lake.

Ndine mlamu wanu,
Eneya